Filimu ya ku Prague inadzuka patatha zaka 44, nanga za Izeki ndi Jakobo zili kuti?

Ku vidiyo sho kuli lamulo limene mwana wa ku Phalombe amalidziwa asanaphunzire n'komwe kulemba dzina lake: mwini filimu safa. Kaya amuwombere, kaya amuponye kuphompho, kumapeto adzatulukira ndithu ali ndi kabala pachipumi, adani onse ali lambalamba. Koma pali filimu ina yakale ya ku Ulaya imene imathyola lamuloli anthu asanakhazikike bwino pa benchi. Karel Bureš, woyendetsa roketi, wakhala pansi m'mawa kuti aike kanthu kukamwa, watsamwidwa ndi banzi, ndipo wafa pomwepo.

Wotsala ndi m'bale wake wamapasa, Jan, munthu wofatsa ndi wamanyazi amene moyo wake wonse wakhala akuphimbidwa ndi mnzakeyo. Jan akuvala yunifolomu ya malemuyo n'kupita ku ntchito ngati kuti ndiye Karel. Kampani yake, Universum, imanyamula alendo pa roketi kukawaonetsa zaka zamakedzana, monga mmene anyamata a ku Likhubula amaperekezera azungu kuphiri la Mulanje. Chimene Jan sakudziwa n'chakuti Karel anali atadya kale ndalama za nkhalamba zina za chipani cha Nazi, zimene zakhala zikumwa mapiritsi oletsa kukalamba. Nkhalambazi zaba bomba la haidrojeni lokwana mu sutikesi, ndipo zikufuna kukalipereka kwa Adolf Hitler mu 1944 kuti apambane nkhondo imene anagonja. Jan akuwatsitsa mu Disembala 1941, pamene Hitler akuona ngati dziko lonse lili kale m'thumba mwake, ndipo sakumvetsa chifukwa chake anthu achilendowa akumulankhula ngati munthu wofunika kupulumutsidwa. Sutikesi itatsegulidwa, muli zovala za mayi wina wa ku America amene anakwera nawo roketiyo. Kuyambira pamenepo Jan akubwerera m'mbuyo kuti akonze zimene zalakwika, ndipo ulendo uliwonse ukuwonjezera chisokonezo, mpaka anthu ayamba kukumana ndi iwo eni pamsewu.

Filimuyi inatuluka mu 1977 m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia. Dzina lake ndi Zítra vstanu a opařím se čajem, kutanthauza kuti mawa ndidzadzuka n'kudziwotcha ndi tiyi. Anaitsogolera ndi Jindřich Polák, amene analemba seweroli pamodzi ndi Miloš Macourek kuchokera pa nkhani ya Josef Nesvadba, dokotala wa matenda a maganizo amene ankalembanso nthano za sayansi. Petr Kostka ndiye anasewera mapasa onse awiri. Ku Britain wailesi ya kanema ya BBC2 inaionetsa usiku wina mu Januwale 1982, ndipo amene anaiona anakhala zaka zambiri akufunsana ngati filimu ya Hitler ndi tiyi ija inalikodi kapena anangolota. Mu 2021 kampani yaing'ono ya ku Britain yotchedwa Second Run inaitulutsa pa chimbale cha Blu-ray, zithunzi zake zitatengedwa mwatsopano kuchokera ku zimene zinasungidwa ku Prague. Zaka 44 zinali zitadutsa.

Chimbale chimenechi simudzachipeza pa Migowi kapena pa Chiringa. Ngakhale wina atabwera nacho kuchokera ku Joni, makina ochiwerenga angasowe, ndipo mawu a Chingerezi othamanga pansi pa chithunzi sangathandize gogo wa ku Nambazo. Komabe nkhani yake ikutikhudza, chifukwa ikufunsa funso limene ife sitinaliyankhe: zimene tikuseka lero, adzazipeza kuti ana amene akubadwa chaka chino akadzafika zaka 44?

Mmene filimu imafikira ku Phalombe

Pa malo ochitira malonda a kuseri kwa phiri kuno, vidiyo sho imamveka isanaoneke. Sipika ili panja, yomangirira pa mtengo kapena pa denga, ikutulutsa zibakera ndi mfuti mpaka kwa ogulitsa tomato. Pakhomo pali chinsalu chakuda ndi bolodi lolembedwa ndi choko: mpira wa ku England nthawi yakuti, filimu nthawi yakuti. M'kati muli mabenchi a matabwa, mdima, fungo la thukuta ndi mtedza wokazinga, ndi sikirini imodzi imene aliyense akuiyang'ana. Kuseri jenereta ikulira, kapena batire ya sola ikugwira ntchito mwakachetechete. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 429,000 m'boma la Phalombe, ndipo m'dziko lonse mabanja ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 okha pa 100 alionse. Kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ndiye chifukwa chake kanema kuno anayamba ngati chinthu cha gulu, cholipira pakhomo, osati cha pabalaza.

Masiku ano vidiyo sho ili ndi mnzake wopikisana naye, amene ndi foni. Mnyamata wa kabaza akapeza kangachepe amapita kwa obena nyimbo, kumene kuli kompyuta yakale yodzaza ndi mafilimu, n'kupereka memori khadi kapena fulashi kuti amuikire. Madzulo anthu anayi kapena asanu amaunjikana pa kasikirini kosakwana chikhatho. Uku ndiko kutulutsa filimu kwa kuno: palibe bokosi lokongola, palibe kabuku kofotokoza mbiri ya amene anaipanga, ndipo nthawi zambiri ngakhale dzina lenileni la filimuyo silidziwika. Imadziwika ndi dzina la DJ amene anaimasulira.

DJ ameneyu ndiye munthu wofunika kwambiri pa nkhani ya kanema m'Malawi muno, ngakhale ophunzira ambiri amamunyoza. Ntchito yake ndi kukhala pa kompyuta ndi maikolofoni, kutsitsa mawu a eni filimu, n'kulowetsapo ake m'Chichewa. Amalankhulira aliyense: mfumu, wakuba, mtsikana wolira, ngakhale galu akafuna. Koma sangomasulira ayi. Mzinda wa ku China amausandutsa Limbe, chigawenga cha ku India amachipatsa dzina la Chilomwe kapena la Chiyao, mbale ya mpunga amaitcha nsima ya bonya. Nkhani ikazizira iye amaiwotha ndi nthabwala. Ikapota amaima n'kukumbutsa oonera kuti uyu ndi mwana wa uja anaphedwa poyamba paja. Pakati pa nkhondo yoopsa amatha kupereka moni kwa anzake a ku Bangwe kapena kulengeza nambala ya situdiyo yake. Chihindi kapena Chikoreya sachidziwa. Amadalira mawu a Chingerezi a pansi aja, ndipo pamene palibe amangoyang'ana nkhope za osewera n'kupeka yekha. Nthawi zina zopeka zakezo zimaposa zimene olemba filimu analemba.

Zotsatira zake n'zakuti pafupifupi filimu iliyonse imene yadutsa m'kamwa mwa DJ imasanduka yoseketsa. Rambo ali m'nkhalango, magazi ali chuchuchu, koma benchi yonse ili m'chiphwete chifukwa cha zimene DJ wamuika m'kamwa. Alipo ma DJ otukwana, ndipo makolo ndi aphunzitsi amene amadandaula kuti ana akujomba kusukulu chifukwa cha vidiyo sho sanama. Alipo ena aulesi amene amangobwereza nthabwala zomwezo. Koma waluso weniweni mumamudziwa ndi nthawi imene amasankha kukhala chete.

Anzathu oyandikana nawo anazindikira msanga kuti limeneli ndi luso. Ku Tanzania dzina la Lufufu limatchulidwa mwaulemu ngati mmodzi wa oyambitsa ntchitoyi m'Chiswahili, ku Kenya kuli DJ Afro, ndipo ku Uganda filimu ya Who Killed Captain Alex? ya mu 2010 inatchuka dziko lonse ili ndi mawu a VJ Emmie pamwamba pake, moti ambiri sangaiganizire popanda iye. Ku Japan, m'masiku amene mafilimu analibe mawu, ofotokozera otchedwa benshi ankakoka anthu kuposa osewera eni ake.

Kwathu kuno mwambowu ndi wakale kuposa mmene timaganizira. Pakati pa 1935 ndi 1937 azungu ena anachita kafukufuku wotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment: anajambula mafilimu 35 ku Tanganyika n'kuyenda nawo pa lole m'maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, mawu ofotokozera atajambulidwa padera m'zilankhulo za anthu. Kuyambira 1948 bungwe la Central African Film Unit linkapanga mafilimu oonetsa Afirika a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, ndipo galimoto ikafika pamudzi pankakhala munthu wofotokozera zimene zikuchitika pa nsalu. Titalandira ufulu, galimoto za nthambi yofalitsa nkhani zinapitiriza ntchitoyo. Nyumba za kanema ngati Apollo zinali za m'tauni ku Blantyre, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inadzatsegulidwa mu Epulo 1999, Kamuzu atachoka kale pampando. Choncho kwa munthu wa ku Mpasa kapena ku Chitekesa, kanema wakhala akubwera nthawi zonse ndi mlendo pa chithunzi ndi mnansi pa maikolofoni.

Pa mafilimu 35 a m'ma 1930 aja, atatu okha ndi amene akudziwika kuti alipo mpaka lero, ku London, ndipo onse ndi ophunzitsa: za njoka za m'mimba, za ziweto, za ulimi. Panalinso oseketsa. Amenewo ndiwo anatayika.

Kuseka pamaso pa oletsa

Chaka cha 1968 chili ndi malo m'mbiri ya maiko onse awiri, Czechoslovakia ndi Malawi. Mu Ogasiti chaka chimenecho akasinja a Soviet Union ndi anzake analowa mu Prague kudzazimitsa kamphepo ka ufulu kamene kanayamba kuwomba. Mafilimu ambiri anatsekeredwa m'makabati, ndipo akatswiri ena monga Miloš Forman anapita ku America. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ku Zomba inakhazikitsa lamulo loyang'anira mabuku, nyimbo ndi zisudzo, limene linabala Censorship Board. Amene anakula nthawi imeneyo akukumbukira mafilimu odulidwadulidwa ndi mabuku osowa m'mashelefu. Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 n'kukakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Otsala ku Prague anapeza pobisalira mu nthano za ana ndi m'nthabwala za sayansi. Woletsa mafilimu akaona roketi ndi Hitler akunyozedwa, ankadinda chidindo mosavuta, pakuti kunyoza a Nazi kunali kololedwa. Koma woonera wa mu 1977 ankaona zambiri: nkhalamba zokakamira mphamvu zimene zikukana kukalamba, anthu ofuna kulembanso mbiri kuti iwakomere, munthu wamba amene wavala yunifolomu ya wina n'kumanamizira kuti akudziwa chimene akuchita. Macourek anali katswiri pa zoterezi. Mu Kdo chce zabít Jessii? ya mu 1966, imene anapanga ndi Václav Vorlíček, mayi wina wasayansi akupeza jakisoni wochotsa maloto oipa kuti anthu azigwira bwino ntchito, koma malotowo akutuluka m'mutu n'kumayenda m'tauni. Amene anawerenga ndakatulo za Napolo za Steve Chimombo, kapena kumvera masewero a pa MBC nthawi ya chipani chimodzi, akudziwa mmene munthu amanenera chinthu akuoneka ngati akunena china.

Mu filimu ya tiyi ija muli kachigawo kamodzi kamene sikaseketsa konse. A Nazi aja abwera ndi kamakina koonetsera zithunzi za kutsogolo. Hitler atakayatsa akuona asilikali ake akugonja ndi Berlin itasanduka bwinja. Mawu a alendo aja anawakana, koma chithunzi akulephera kuchikana. Apa ndi pamene DJ wabwino angatseke pakamwa.

Ndikukhulupirira kuti filimuyi itapatsidwa DJ waluso ingadzaze vidiyo sho ya pa Migowi. Ili ndi zonse zimene oonera athu amakonda: mapasa osokonezedwa, chibwenzi cha m'bale, katundu wosinthanitsidwa, akuluakulu ochititsidwa manyazi. Muli sopo wotsukira mbale amene amasungunula mbale zomwezo, ndi mankhwala opopera amene amaumitsa munthu n'kumusandutsa wobiriwira. Ndipo anthu okhala pansi pa Sapitwa sangavutike ndi nkhani ya munthu wosowa pano n'kukapezeka kwina. Anakula akumva za mizimu ya m'phiri, za chakudya chimene umachipeza chitakonzedwa kale m'nkhalango ndipo uyenera kudya osaitana mnzako, za anthu amene analowa mu nkhungu osabwerako. Olemba athu ena anayesapo kale kuyang'ana kutsogolo: buku la Shadreck Chikoti la Azotus the Kingdom likukamba za Afirika wa zaka 500 zikubwerazo. Koma limenelo ndi buku, la m'Chingerezi, ndipo silinafike pa sikirini ya ku Chiringa.

Pali mbali ina imene ingawakhudze anthu a kuno mosiyana ndi a ku London. Jan sakufuna kukhala ngwazi ya dziko lonse. Chimene chikumuwawa ndi m'mawa umodzi, ndipo ngakhale ali ndi roketi, banzi lija likumuposabe liwiro. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka, madzi, miyala ndi mitengo zinatsikira pa Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Akuluakulu anati Napolo wadutsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi, ndipo dera la Nkhulambe linakhala masiku osafikika. M'mabanja ambiri kuno muli munthu amene akanapatsidwa tikiti ya Universum sakanapempha zaka chikwi. Akanapempha tsiku limodzi lokha, kuti akadzutse anthu asamuke.

Nesvadba yemwe uja analembanso nkhani ina imene inasanduka filimu ya Upír z Feratu mu 1982, yotsogoleredwa ndi Juraj Herz. Mmenemo muli galimoto ya mpikisano imene siyendera petulo koma magazi a woiyendetsa, amene imawayamwa kudzera ku phazi. Imeneyo ndiye sindingalimbikitse kuti ionetsedwe kuno popanda kulingalira bwino. Mu Seputembala 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo United Nations inachotsa antchito ake m'maboma awiriwa kwa kanthawi. Mantha akuti makina a anthu olemera amadya magazi a osauka ali ku Prague, alinso ku Phalombe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anathera mu filimu.

Mwa njira ina dziko la Czech lakhala kale m'nyumba zathu, kapena tinene kumapazi athu. Nsapato za Bata zimene makolo amagulira ana sukulu ikamatsegulidwa zinayambira ku Zlín mu 1894, kwa Tomáš Baťa. Mu 1936 kampaniyi inamanga situdiyo ya mafilimu m'tauni yomweyo kuti izijambula zotsatsa nsapato, ndipo m'situdiyo imeneyo ndi mmene Karel Zeman anadzapangira mafilimu ake a zombo zouluka ndi zoyenda pansi pa nyanja, kuphatikizapo Vynález zkázy imene inapambana mphoto yaikulu ku Brussels mu 1958. Dzikolo lilibe nyanja yamchere ngati lathu lomweli, ndipo anthu ake ndi pafupifupi theka la ife.

Amene anasunga ndi amene sanasunge

Filimu ya Polák sinapulumuke mwamwayi. Ku Prague kuli nyumba yosungira mafilimu a dziko, Národní filmový archiv, imene inayamba mu 1943 nkhondo ili m'kati. Mu 1945 boma linatenga ntchito yonse yopanga mafilimu kukhala yake, ndipo ngakhale zimenezo zinapatsa oletsa aja mphamvu, zinatanthauzanso kuti filimu iliyonse yopangidwa ku situdiyo ya Barrandov inali ndi kwawo. Mikombero yoyambirira inasungidwa m'zipinda zozizira, zouma, zolembedwa bwino. Chikomyunizimu chinagwa mu 1989, dziko linagawika pawiri mu 1993, koma mashelefu anakhala pomwepo. A Second Run atafuna kutulutsa filimuyi anali ndi khomo lodziwika logogodapo, ndi munthu wosainirana naye pangano. Ndi mmene zilili ndi nkhokwe ya mbewu: chaka cha njala chingabwere, koma amene sanadye mbewu amadzalanso.

Tsono tiyang'ane kwathu. John Nyanga, amene dziko linkamudziwa kuti Izeki, anamwalira mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, anatsatira mu Ogasiti 2021, chaka chomwe chimbale cha ku Prague chinatuluka. Anthu awiriwa, pamodzi ndi anzawo a Kwathu Drama Group, anaseketsa Malawi kwa zaka makumi angapo, m'maholo, pa wailesi, pa makaseti ndi pa zimbale. Lero mwana wa ku Phalombe akafuna kuona Izeki akupusitsa Jakobo apeza tizidutswa pa YouTube ndi pa WhatsApp, tosaoneka bwino, mawu akulira ngati ali m'chitini, topanda chaka kapena dzina la sewero. Matepi oyambirira ali ndi yani? Ali ndi mabanja, ali ndi gulu, ali ku wailesi, kapena ali ndi amene anajambula? Munthu wofuna kuwatulutsanso mwaulemu, ndi kulipira oyenera kulipidwa, angayambire pakhomo liti?

Dera la phiri la Mulanje lili ndi chifukwa chapadera chofunsira zimenezi, pakuti labala anthabwala otchuka. Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, ndi wa ku Mulanje, ndipo anafika mpaka pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Bon Kalindo, Winiko, anakhalapo phungu wa kummwera kwa Mulanje kuyambira 2014 mpaka 2019. Magawo oyambirira a Tikuferanji ndi mbiri ya mmene Amalawi ankalankhulira za Edzi, za ndale ndi za m'banja pamene wailesi ya kanema inali yachilendo: mavalidwe, mitengo ya zinthu, mawu amene anali m'fasho. Chimodzimodzi Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi, ndi masewero a Du Chisiza Jr. amene anamwalira mu 1999. Wolemba mbiri wa mu 2060 adzaphunzira zambiri za ife kuchokera ku zimenezi kuposa ku malipoti a misonkhano ya ku Mangochi.

Sikuti palibe chimene chachitika. National Archives ku Zomba, imene inayamba mu 1947, yathandizidwapo ndi bungwe la Rei Foundation la ku New Zealand kusamutsira pa kompyuta mafilimu akale a dziko lino, ndipo MBC inasamutsa nyimbo zambiri za pa matepi akale ndi thandizo lochokera ku Norway. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Koma zithunzi zimene boma linkajambula zinali zambiri za boma lomwelo: mtsogoleri akuyendera mbewu, mtsogoleri akutsegula msewu, amayi akuvina pabwalo la ndege. Nthabwala zinkajambulidwa ndi anthu wamba, pa zipangizo zotchipa, n'kusungidwa m'makatoni pansi pa bedi. Ndipo zipangizozo sizidikira. Tepi ya vidiyo imachita nkhungu ndi kumatana, makamaka kumalo a chinyezi ngati kuno kumene mvula ya phiri imanyowetsa ndi zipupa zomwe. Chimbale chobenedwa chimakalika ndi kusuwa. Mkombero wa filimu ukayamba kununkha ngati viniga ndiye kuti wayamba kuola. Ngakhale tepi itakhala yabwino, deki yoiwerengera ikusowa chaka ndi chaka.

Pali nkhani ya ndalama imene sitingaizembe. Zimene ma DJ amachita ndi mafilimu a eni ake n'zosaloledwa ndi lamulo la umwini wa zaluso, ndipo kompyuta yomwe imagawa Jet Li ndi imene imagawanso ulere ntchito ya Amalawi. Shemu Joyah anaika chuma chake mu Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Anthu otere sangapikisane ndi mtengo wa pa memori khadi. Bungwe la COSOMA, limene lakhalapo kuyambira 1992, tsopano limatolera ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu zolowa m'dziko, potsatira lamulo la 2016, n'kugawira aluso. Maganizo anga ndi akuti kagawo kena ka ndalama zoterezi kakanapita ku ntchito yosunga, chifukwa waluso amene ntchito yake yafufutika alibenso chimene ana ake angadzalandirire.

Ndipo ndikanakonda kuti posungapo tisasankhe zaulemu zokhazokha. Ntchito ya ma DJ nayo ndi yofunika shelefu. Filimu ya karate ya ku Hong Kong ili ndi eni ake oisunga, koma mawu a Chichewa amene anaikidwa pamwamba pake mu 2012 kapena 2015 kulibe kwina kulikonse padziko kumene aliko. Mmenemo muli Chichewa cha achinyamata a nthawi imeneyo, mayina a malo, zonyozana za mitundu, mitengo ya minibasi, zimene anthu ankaopa ndi zimene ankasirira. Akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba akanapeza mmenemo mawu amene sali mu mtanthauziramawu aliyense. Koma kompyuta ya obena nyimbo ikadzaza, mwini wake amafufuta zakale kuti alowetse sizoni yatsopano ya ku Korea, ndipo palibe amene angamudzudzule, pakuti iye ndi wamalonda.

Lamulo lathu la zosindikizidwa limati wotulutsa buku m'dziko muno apereke kope ku National Archives, ndipo ndi chifukwa chake kabuku kakang'ono ka m'ma 1960 mungakapeze ku Zomba lero. Mzimu wa lamulo limeneli ukanafikira sewero lojambulidwa, nthabwala za pa foni ndi mawu a DJ. Sizifuna nyumba yozizira ngati ya ku Prague kuti tiyambe. Zikufuna munthu wolembedwa ntchito, deki imodzi yamoyo, ma hard drive angapo osungidwa malo awiri osiyana, ndi kaundula wonena kuti ichi n'chiyani, anachipanga ndani, chaka chiti, ndipo mwini wake ndi yani. Mu Julayi 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira, ndipo padzakhala ndalama ndi misonkhano yokamba za kusunga miyambo ya Alomwe, Amang'anja ndi Ayao. Wina pa misonkhano imeneyo atchuleko zimene zili mu kompyuta za pa Migowi. Msewu wa tala wodutsa pa Jali ulipo kale, ndipo hard drive imakwana m'thumba la jekete la munthu wokwera minibasi ya ku Zomba.